Switchi idalibe mlandu

M'misika ya kumadzulo kwa Lilongwe, kuyambira pa Mpingu ndi Namitete mpaka ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, simungalephere kupeza kashopu ka wokonza zamagetsi. Panja pamakhala sola yoyedzamira chipupa, m'kati muli batire ndi mafoni ali pa tchaji, ndipo pakona pali mulu wa mawailesi, matochi ndi masipika amene eni ake adatopa kuwalondola. Anyamata ambiri ogwira ntchitoyi luso ali nalo ndithu, ndipo ambiri adaphunzira okha pomasula zinthu zakufa. Koma pali chizolowezi chimodzi chimene chapha katundu wambiri kuposa mphenzi, ndicho kuthamangira chowotcherera munthu asanadziwe pamene pavuta. Zimene zidamuonekera mnyamata wina wa dera la Nsaru zikusonyeza bwino mtengo wa chizolowezi chimenechi.

Mnyamatayu adali ndi kashopu kotchajira mafoni ndi kuikira anthu nyimbo. Achimwene ake ankasamala maluwa pakhomo lina ku Johannesburg. Tsiku lina bwana wawo, pochotsa zinthu m'galaja, adawapatsa katoni imene adagula kalekale koma osaigwira. Achimwenewo, podziwa kuti mng'ono wawo amafera zamawaya, adaikulunga pamodzi ndi mabulangete ndi zovala za ana, n'kupatsira wa transipoti wobwera kumudzi. M'katonimo mudali bolodi lalikulu, timatumba ta maswitchi, timababu tofiira, timapini tambirimbiri ndi mapepala a malangizo. Pa chivundikiro chakutsogolo padalembedwa kuti Altair 8800.

Dzinali ndi lalikulu pa mbiri ya makompyuta. Altair 8800 idatchuka pamene idatuluka pachikuto cha magazini ya Popular Electronics mu January 1975. Idapangidwa ndi kampani yaing'ono ya MITS ya mumzinda wa Albuquerque ku America, motsogozedwa ndi Ed Roberts, ndipo ubongo wake udali kachipangizo ka Intel 8080. Munthu ankaigula pamtengo wa madola pafupifupi 400 ili yosalumikiza, n'kukaimanga yekha kunyumba. Idalibe kiyibodi, idalibe sikirini, ndipo malo ake osungira zinthu ankangokwana ma byte 256. Makina amenewa ndiwo amene Bill Gates ndi Paul Allen adawalembera pulogalamu yawo ya BASIC, ndipo kampani ya Microsoft idabadwa chaka chomwecho. Masiku ano Altair yeniyeni ndi yosowa komanso yodula, choncho okonda zakale amamanga zotsanzira. Kunja zimaoneka chimodzimodzi, koma m'kati mumakhala kabolodi kamakono kamene kamachita ntchito ya ubongo wakale uja. Zina zimayendera Raspberry Pi. Zina zimayendera Arduino. Ya mnyamata wathu idali ya Arduino Due.

Kuti mumvetse mmene adagwera m'mavuto, muyenera kudziwa mmene munthu amalankhulira ndi makina otere. Kutsogolo kuli mzere wa maswitchi 16, ndipo pansi pake pali ena olamulira, olembedwa mawu monga RUN, EXAMINE ndi DEPOSIT. Switchi ikaloza m'mwamba ndiye kuti 1, ikaloza pansi ndiye kuti 0. Maswitchi asanu ndi atatu akumanja ndiwo olembera nambala, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake: ya kumapeto kwenikweni ndi 1, yotsatira 2, kenako 4, 8, 16, 32, 64 mpaka 128. Mukafuna nambala 7 mumakweza zitatu zoyambirira, chifukwa 1 ndi 2 ndi 4 zimapanga 7. Mukatha mumadina DEPOSIT, nambalayo n'kulowa, timababu n'kuyaka kukuonetsani chimene chalowa. Pulogalamu yonse imalowa motero, nambala imodziimodzi, ndi zala.

Mnyamatayo adaimanga madzulo okhaokha, makasitomala atabalalika, tochi ili pakamwa. Atamaliza n'kuyatsa, timababu tidayamba kuphethira, ndipo anzake a pa kabaza adaunjikana pakhomo kudzaona. Koma atayamba kulowetsa pulogalamu yophatikiza nambala ziwiri, mayankho ankabwera osokonekera. Ataonetsetsa adapeza kuti akalemba 7 pamalowa 6, akalemba 9 pamalowa 8. Nthawi zina nambala inkalowa bwino, koma kawirikawiri 1 wa kumapeto uja ankasowa. Kusowa kwa 1 mmodzi kungaoneke ngati nkhani yaing'ono, koma kwa Intel 8080 nambala 195 imatanthauza kuti "dumphira pamalo akutiakuti", pamene 194 imatanthauza kuti "dumpha pokhapokha ngati yankho lapitalo silidali ziro". Lamulo lasintha, pulogalamu yasochera.

Iye sadachedwe kugamula mlandu: switchi ya kumapeto ndi yakufa. Adatenga chowotcherera chake chachikulu, chija amalumikizira mawaya a batire, n'kuyamba kuizula. Switchi yamtunduwu ili ndi miyendo itatu yolowa m'mabowo a bolodi, ndipo kuti ituluke, solder (chitsulo chimene amasungunula powotcherera) ya pa miyendo yonse iyenera kuchotsedwa kaye. Iye adalibe choyamwira solder, choncho ankatenthetsa mwendo uwu n'kukoka, kutenthetsa uwo n'kukoka, kwinaku akugwedeza ndi pulayala. Pamene inkatuluka, pulasitiki yogwira miyendo idali itasungunuka, mwendo wapakati ukugwedera. M'katumba mudali switchi imodzi yotsala. Adaiika pamalopo, kuyatsa, kulemba 7. Padalowa 6.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikadathera bwino. Switchi yatsopano yalowa, vuto lili pomwepo, ndiye kuti vutolo silili mu switchi. Koma munthu akakhulupirira chinthu, umboni womutsutsa sauona. Iye adangoti yotsalayo idabwera yakufa kale, mwina n'chifukwa chake idatsala. Adaizulanso, nayonso n'kusungunuka. Kenako adaganiza zobwereka switchi ya kumanzere kwenikweni, imene ankaona kuti saigwiritsa ntchito kawirikawiri. Tsikulo kudachita mitambo ndipo batire idali itatsika, chowotcherera chamagetsi chinkangofunda. Adayatsa mbaula n'kuikapo kachitsulo ka kopa monga ankachitira akale. Kachitsulo ka pa makala kalibe muyezo: kakachoka pamoto kamakhala kotentha mopitirira, pakapita kanthawi kazizira. Pokoka switchi yachitatuyi, kanjira ka kopa ka pa bolodi kadasendeka n'kutsatira mwendo.

Cholakwa chomaliza ndicho chidatsiriza zonse. Adakumbukira mmene amakanika amayesera babu ya galimoto, kungogunditsa waya wa ku batire. Adatenga babu ndi mawaya awiri kuchokera ku batire ya sola, n'kuyamba kugunditsa pa miyendo ya maswitchi otsalawo kuti aone amoyo ndi akufa. Kabolodi ka Arduino kadali kakadali pamalo pake. Batire ya sola imatulutsa 12 volts, pamene Arduino Due imagwira ntchito ndi 3.3 volts basi, ndipo mapini ake sapirira mphamvu yoposa pamenepo. Timababu tidawala kamodzi, padamveka kafungo ka pulasitiki yopsa, ndipo kuyambira pamenepo makinawo sadayakenso.

Patapita masiku, mayi ake adamuuza kuti atengere katunduyo kwa amalume ake cha ku Namitete. Amalumewo adayamba kukonza zamagetsi m'masiku a mawailesi a Nzeru, aja ankalumikizidwa m'dziko mommuno, ndipo tsopano maso adayamba kuchita mdima moti amagwira ntchito masana okha, panja, pa tebulo la pansi pa mtengo wa mango. Mnyamatayo adafika pa njinga katoni ili pakaliyala.

"Malume, maswitchi a chinthuchi ndi achabechabe. Atatu onse akufa."

"Udawayeza?"

"Ndidangoona kuti sakugwira, malume."

"Ndafunsa kuti udawayeza? Mita uli nayo?"

"Ndili nayo, koma batire yake idatha."

Amalume sadayankhe. Adatulutsa mita yawo yakale yomangidwa ndi tepi, n'kuitembenuzira pamalo pamene imalira mawaya ake awiri akakhudzana. Choyamba adazula kabolodi ka Arduino n'kukaika pambali. Kenako adatenga switchi imene idakali pa bolodi, waya wina pa mwendo wapakati, wina pa mwendo wa m'mphepete. Mita idalira. Atatembenuza switchi, idakhala chete. Atasamutsira waya ku mwendo wina uja, idaliranso.

"Wamva? Switchi yamoyo imayankha choncho. Kuyesa kumeneku sikufuna moto, sikufuna kuzula kanthu. Ukadachita zimenezi tsiku loyamba, ukadadziwa kuti switchi yako ili bwino."

Atatero adaika waya mmodzi pa bowo lapakati pamene padali switchi ya kumapeto ija, ndipo ndi waya winawo adayamba kulondola kanjira ka kopa pang'onopang'ono. Pakati pa njira mita idalira. Chapatsogolo idaliranso. Atafika pa mzere wa mapini pamene Arduino imakhazikika, adagunda pa kopa wozungulira pini, mita n'kulira. Adakweza waya pang'ono n'kugunda pa pini yeniyeniyo. Zii. Adaikankha piniyo ndi chikhadabo, mita idalira pang'ono n'kuleka.

"Bwera udzaone, mphwanga."

Adamupatsa galasi lokulitsira zinthu. Pa mapini ena onse solder idayenderera bwino, yowala, yotsetsereka kuchoka pa pini kufika pa kopa. Pa pini imodzi yokhayo solder idangoundana kabulumwa kotuwa pambali, osagwira pini. Mwina chowotcherera chidali chisanatenthe bwino usiku umenewo, mwina dzanja lidachoka msanga. Pini inkakhudza ikafuna, n'chifukwa chake nambala zina zinkalowa bwino. Amalume adapukuta nsonga ya kachowotcherera kawo kakang'ono, kugunditsa pa pini ndi pa kopa nthawi imodzi, kudyetsa solder pang'ono, kuwerenga mpaka katatu, n'kuchotsa. Mita idalira mosadukiza.

"Vuto lako lonse lidali limeneli. Kuchipatala sang'amba munthu pamimba asanamuyeze. Iwe wang'amba katatu, pomwe wodwala amangofunika kumumanga kabala ka pachala."

Kanjira kosendeka kaja amalume adakalumikiza ndi kawaya kowonda. Koma maswitchi osungunuka sakadabwerera, ndipo Arduino idali itapsa. Mnyamatayo adakwera minibasi kupita m'tauni ya Lilongwe, n'kuzungulira m'mashopu a zamagetsi. Maswitchi adawapeza, koma ena adali aakulu osalowa m'mabowo, ena a miyendo iwiri. Kabolodi kamtundu umenewo adamuuza kuti n'kochita kuitanitsa kunja. Mpaka lero chinthucho chili pa shelefu m'kashopu kake, chokongola kutsogolo, koma sichiyaka. Safunsa adadya phula.

Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya choseweretsa cha anthu olemera, ife sikutikhudza. Koma taganizirani kusiyana kwake. Munthu wa ku Ulaya kapena ku America akasungunula switchi, amaitanitsa ina pa intaneti ndipo imamupeza pakhomo sabata isanathe. Kwa ife kachipangizo kalikonse kamene kali m'manja kawirikawiri ndi komweko, kachiwiri kulibe. Kuti ukapeze china uyenera kulipira kabaza, kulipira minibasi, kutaya tsiku la malonda, ndipo mwina n'kubwerako chimanjamanja. Zipangizozi zimagulidwa kunja ndi madola, ndipo chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake idakwera koopsa. Choncho wokonza zinthu wa ku Nsaru ayenera kukhala wosamala kuposa mnzake wa ku London, chifukwa cholakwa chimene kwa mnzakeyo n'chongoseka, kwa iye ndi imfa ya katundu.

Ndipo zoterezi sizichitika pa makompyuta okha. M'midzi yathu, momwe nyumba zambiri zilibe magetsi a ESCOM, anthu amadalira sola, matochi ndi mawailesi a mabatire. Babu ikaleka kuyaka, bambo amagulitsa thumba la soya kukagula batire yatsopano, chonsecho waya adangomasuka kuseri kwa switchi. Wailesi ikayamba kudukiza, wokonza amazula zipangizo zitatu zinayi, pomwe vuto ndi fumbi la mu October lomwe lalowa m'chotembenuzira mawu. Mwini katundu amalipira kawiri: kulipira chimene sichidafe, ndi kulipira chimene chafa pokonzapo.

Ndondomeko imene amalume aja adatsata si yachinsinsi, ndipo aliyense wogwira zamagetsi angaitsate. Yambani ndi kulemba papepala chimene chikuchitika. Kodi ndi switchi imodzi kapena zingapo? Kodi zimachitika nthawi zonse kapena mwa apo ndi apo? Vuto lobwera n'kupita kawirikawiri limaloza ku cholumikizira chosagwira bwino. Maswitchi angapo akafera limodzi, n'zokayikitsa kuti onse awonongeka tsiku limodzi. Funani chimene amagawana, kaya ndi waya mmodzi wowadyetsa onse. Pa makina ena otsanzira, maswitchi amalumikizidwa m'magulumagulu kudzera m'tizipangizo totchedwa diode, timene timalola magetsi kuyenda mbali imodzi yokha. Diode imodzi ikaikidwa chozondoka, kapena solder ikalumikiza mapini awiri oyandikana, zizindikiro zimaonekera pa switchi imene ilibe vuto lililonse.

Mukatero zimitsani magetsi, ndipo ngati kabolodi ka ubongo kamazuka, kazuleni musanayese kanthu. Tulukani panja masana, muyang'ane malo onse owotcherera amodziamodzi. Ngati mulibe galasi lokulitsira, jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Solder yabwino imaoneka kuti yayenderera n'kugwira mwendo ndi kopa pamodzi. Yoipa imaundana, imachita ming'alu, kapena imasiya kampata kuzungulira mwendo. Mukatha kuyang'ana ndi maso, tengani mita. Yesani switchi ili pomwepo, kenako londolani njira yake mpaka kumapeto. Pamene mita yasiya kulira, vuto lili pakati pa pamenepo ndi pamene idalira komaliza. Batire ya mita ikatha, gulani ina tsiku lomwelo. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi bolodi lopsa. Ndipo musayerekeze kuyesa bolodi la kompyuta, foni kapena wailesi ndi waya wochokera ku batire ya sola kapena ya galimoto.

N'zoona kuti nthawi zina switchi imafadi. Fumbi limalowa, dzimbiri limagwira, kasipuling'i ka m'kati kamatopa. Ngakhale pamenepo, kuzula kukhale komaliza. Yambani mwaitembenuza kambirimbiri magetsi atazima, n'kuitsuka ndi mankhwala otsukira zamagetsi. Mafuta ophikira kapena a galimoto asayandikire, chifukwa amakoka fumbi. Ikakanikadi, chotsani solder yonse kaye ndi choyamwira kapena kaluko ka kopa, kuti switchi ituluke yokha popanda kukoka. Solder wamba wa tin ndi mtovu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 185, ndipo nsonga yoyera, yotentha bwino, imamaliza ntchito m'masekondi awiri kapena atatu. Mukaona kuti mwakhalitsa pa mwendo umodzi, chotsani chowotcherera, mudikire pazizire. Kutentha kumayenda m'mwendo n'kukasungunula pulasitiki ya m'kati, ndipo switchi imene idali yamoyo imafera m'manja mwanu.

Lamulo loposa onse ndi ili: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo mukasintha vuto n'kukhala pomwepo, imani. Vomerani kuti mudaganiza molakwa, mubwerere poyambira. Mnyamata uja sadagwe chifukwa chosadziwa kuwotcherera, popeza malo mazana adawawotcherera bwino n'kuphonya amodzi okha, zimene zimachitikira ngakhale akatswiri. Adagwa chifukwa makina atamuuza kuti switchi ilibe mlandu, iye adapitiriza kuilanga. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku Namitete kuja kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College, ndipo bungwe la TEVETA lakhala likuyang'anira maphunziro a luso m'dziko muno kuyambira mu 1999. Amene angathe kupita kukaphunzira ntchito mwadongosolo apite. Koma amene mwayiwo alibe asadzione ngati otayika, chifukwa pafupifupi msika uliwonse uli ndi mkulu wina amene wakhala akukonza mawailesi zaka makumi angapo. Kukhala naye pansi masana amodzi n'kuona mmene amafunira vuto kungapulumutse katundu wambiri. Kufunsa sikuchotsa ulemu wa mmisiri.

Inu anyamata ndi atsikana amene mukuyamba ntchitoyi, gulani mita musanagule chowotcherera, ndipo muiphunzire bwino musanatsegule katundu wa munthu. Nanunso eni katundu, mukapita ndi wailesi, sola kapena foni kwa wokonza, iye n'kukuuzani kuti chakutichakuti chafa chigulidwe china, mufunseni mwaulemu kuti, "Mwayeza?" Ngati sadayeze, musalole kuti azule kanthu.